Thovu, Wotsuka Timabotolo

Mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga, anagwira ntchito zaka makumi atatu mu labotale ya chipatala, m'kachipinda kakumbuyo ka masinki awiri ndi zenera losatseguka. Ankatsuka timabotolo toyezera magazi. Anthu ankangomuti Thovu, chifukwa manja ake sankachoka m'sopo. Sukulu analekeza panjira, koma makutu anali nawo. Zimene akatswiri ankakambirana pa makina, iye ankatola ali pa sinki.

Ine ndinaphunzitsa sayansi mpaka kupuma pantchito, ndipo ndivomere kuti ndinkamuderera. Tsiku lina pakhonde panga anandifunsa za maenzayimu, tinthu timene timafulumizitsa ntchito za m'thupi.

"Alamu, inu aphunzitsi, alipo mitundu ingati?"

"Yambirimbiri," ndinatero.

"Mwalephera, khalani pansi. Kwa ife ilipo iwiri. Ena selo, kachipinda kakang'ono ka m'thupi kaja, limawatuma kunja, ngati a m'malovu ogaya chakudya aja. Ena amagwira ntchito m'kati mwa selo momwemo, satuluka. Mukawapeza atachuluka m'magazi, ndiye kuti khoma lagwa, maselo akufa."

"Nanga inuyo ndinu a mtundu uti?"

"Wam'kati. Mukadzandiona pamzere wa odwala, mudzadziwe kuti zavuta."

Anaseka mpaka kutsokomola.

Lachitatu lina m'mawa, chifuwa chinamuthina akukwera masitepe a kuntchito. Anapirira mpaka masana, thukuta lili kamukamu, kenako anapempha mayi woyendetsa makina, mnzake wa zaka zambiri, kuti amuyeze magazi. Mayiyo sanadikire fomu. Pepala la zotsatira litatuluka, onse awiri anayang'ana nambalayo. Maenzayimu a m'minofu ya mtima anali atasefukira m'magazi.

Thovu anavula epuloni n'kupita nalo pepalalo kwa dokotala amene anali pantchito. Mayi uja anamuperekeza, ndipo ndi amene anadzandiuza zonsezi.

"Fomu ili kuti, bambo?" anafunsa dokotalayo. "Wakutumani kukayezetsa ndani?"

"Palibe, adokotala. Koma taonani nambalayo."

"Zotsatira zopanda fomu ndi chidindo sitiwerenga. Ndidziwa bwanji kuti magaziwa ndi anu? Kodi otsuka mabotolo ayamba kudziyeza okha masiku ano?"

Mayiyo anayesa kulankhula, koma anauzidwa kuti nkhani yake ikubwera. Dokotala anati ndi chilungulira, anamupatsa mapiritsi otafuna, n'kumuuza kuti mawa adzatenge khadi ngati wina aliyense.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti mlamu wanga sanakalipe. Lamulolo ankalidziwa kuposa dokotalayo. Iye mwini anali atakhuthula mu sinki mazanamazana a timabotolo tobwera popanda fomu. Anangoti, "Zikomo, adokotala," napinda pepala lake, nabwerera kukamaliza zotsuka za tsikulo. Mayi uja anathamanga kukafunafuna dokotala wina. Pamene ankabwera naye, cha m'ma 3 koloko, anapeza mpopi ukuthira madzi, Thovu ali pansi, bulashi ili m'manja.

Pamaliro akuluakulu a chipatala anamutama kuti anali munthu wosunga malamulo. Ndinaimirira kuti ndiyankhe, mlongo wanga anandikoka jekete.

"Achimwene, mukalankhula adzuka?"

Ndinakhala pansi. Pepala lija lili kwa ine, m'bokosi la masatifiketi anga. Palibe amene anandifunsapo kuti alione.

Patatha milungu iwiri, mayi woyendetsa makina analandira kalata yomuchenjeza chifukwa choyeza magazi popanda fomu. Anandionetsa. Inali ndi zidindo ziwiri.