Makina a Njerwa Opita ku Mozambiki

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa chodziwa kutaipa. Pa boma pa Mangochi panali galaja ya Che Jafali, yokonza mijigo ndi mainjini a maboti, ndipo anthu ena amene ankakumba mijigo m'misasa ya othawa nkhondo anasiyapo kompyuta atamaliza ntchito yawo. Che Jafali ataona mabatani a zilembo anati imeneyi ndi ntchito ya mlembi. Mayi anga aang'ono, amene ankagulitsa mandasi pageti, anangoti, "Mtsikana wathu amataipa." Lolemba ndinali pa mpando.

Kutaipako sindinataipe n'komwe. M'kompyutamo munali pulogalamu yojambulira zitsulo, ndipo ndinaiphunzira ndi buku lokhuthala komanso kukalipa kwa Che Jafali. Iwo kompyutayo sankaigwira. Ankaima kumbuyo kwanga n'kumaloza ndi chala cha girisi, moti galasi lake ndinkalipukuta kuposa mbale za kwathu. Koma kuphunzitsa ankatha. Giya ikabwera ndinkawerenga mano ake, kuyeza kukula kwake ndi kachipangizo kotchedwa veniya, n'kugawa ndi chiwerengero cha manowo kuwonjezerapo awiri. Yankho lake limatchedwa mojulo, ndiko kukula kwa dzino. Kenako ndinkajambula dzino limodzi mosamala, n'kuuza kompyuta kuti ilibwereze kuzungulira giya yonse. Mano akamatuluka okha pagalasi ndinkasangalala ngati mwana, ndipo mpaka lero sindinatope nazo.

Nkhondo itatha ku Mozambiki, malole anayamba kutenga anthu kubwerera kwawo. M'masiku amenewo kunabwera a Zuze, bambo wa imvi wolankhula Chiyao chosakaniza ndi Chipwitikizi, atakweza makina oumbira njerwa pa ngolo. Makinawa amakhala ndi chitsulo chachitali cha mano, chimene timati laki, ndi kagiya kozungulira, piniyoni. Ukapukusa chogwirira, piniyoni imakankhira laki pansi, laki n'kupsinja dothi m'chikombole. Piniyoni yawo inali itaguluka mano.

"Kwathu kulibe khoma loima," anatero a Zuze. "Mmisiri kulibenso. Akapanda kuchira kuno makinawa, uko sakachira. Lole yathu ndi ya Loweruka."

Ndinajambula piniyoni, Che Jafali anaidula pa makina odulira mano, ndipo Lachisanu m'mawa tinaimangirira. Popanda dothi inkayenda bwinobwino. Titathira dothi, itafika pakati pa laki inalumpha, chogwirira chinatsala pang'ono kuwaswa chibwano a Zuze. Tinayesanso, chimodzimodzi. Laki nayonso inali yodyeka, ndipo chitsulo chodulira ina kupezeka kwake kunali ku Blantyre.

A Zuze sanakalipe. Anakhala pa tayala n'kuvula chipewa, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa mawu. Nthawi ya mapemphero a Juma itakwana, Che Jafali anasamba m'manja n'kuvala mkanjo wawo.

"Che Zuze, pepani, ndikaswali kaye. Iwe, usangoti ndwii pamenepo, chiyang'ane chitsulocho."

Nzeru ina ndinalibe koma kujambula. Ndinamasula laki, kuipaka girisi m'mbali, n'kuidinda pa pepala. Ndinayamba kuyeza ku mano a kumapeto, amene sankafikidwa ndi piniyoni, mpaka pakati podyekapo, dzino ndi dzino, n'kulowetsa zonse mu kompyuta. Pamwamba pake ndinasanjikiza chithunzi cha laki yatsopano monga buku limanenera. Nditakulitsa, ndinaona chimene maso sankaona pa chitsulo chakudacho. Dzino lililonse la pakati linadyeka mbali ya kumwamba yokha, kumene piniyoni imakankha popsinja dothi. Ku mbali ya kumunsi, imene imangokweza chitsulo pobwerera, mizere ya zithunzi ziwirizo inagona pamodzi ndendende.

Che Jafali atabwera ku mzikiti anayang'ana galasi nthawi yaitali, ulendo uno osaloza.

"Tiitembenuze lakiyi," anatero. "Kumutu kupite kumiyendo."

Ndinajambula malo a mabowo atsopano, iwo anaboola, tinamangiriranso laki chozondoka. A Zuze anagwira chogwirira n'kuchigwedeza, nkhope ili gwa.

"Chikugwedera ichi."

"Chigwedera pobwerera, popsinja chigwira," anayankha Che Jafali. "Sindikunamizani kuti n'chatsopano. Koma mbali imeneyi sinanyamulepo katundu wolemera. Thirani dothi."

Anathira. Chogwirira chinatsika, chinafika pakati paja, chinapitirira osalumpha. Njerwa inatuluka ya makona akuthwa. Anaumba ina, kenako ina, mpaka Che Jafali anawagwira mkono. "Basi, Che Zuze, mutimalizira bwalo. Dothi lina mukalipeza kwanu." Apa m'pamene ndinawaona akuseka koyamba.

Asanachoke anabwera pakhomo la kachipinda kanga. "Mwana wanga, ndipatse chithunzi cha kagiya kaja. Mmisiri adzapezeka tsiku lina." Ndinasindikiza, ndinalemba mojulo ndi chiwerengero cha mano m'zilembo zikuluzikulu. Anapinda pepalalo m'kathumba ka shuga n'kulowetsa m'malaya.

Loweruka m'mawa ndinaima pafupi ndi mlatho wa Shire malole akuwoloka kulowera ku malire a Chiponde. Makina aja ndinawaona, atamangidwa pakati pa mphasa ndi njinga, koma eni ake sindinawaone m'chigulu cha anthu, ndipo sindinamvenso za iwo.

Makompyuta a masiku ano amazungulitsa giya pagalasi ngati yeniyeni, ntchito imene ndinkatuluka nayo thukuta tsopano ndi yomwera tiyi. Koma chitsulo chikabwera, mwini wake akuti chatha, sindifulumira kuvomera. Ndimayamba ndafunsa mbali imene inkanyamula katundu, kenako ndimayeza mbali inayo. Anthu ambiri amene amabwera kwa ife alibe kwina kokapeza chatsopano, ndipo lole yawo sidikira.