Feteleza ndi Adubu

Zopita ku Beira ndinaziganiza tsiku limene mbatata yathu inayamba kununkha m'matumba pamsika wa Tsangano. Galimoto ya ogula imene tinkaidikira sinabwere, ndipo ababa anangokhala pathumba limodzi, chipewa chili pabondo, osadandaula ngakhale pang'ono. Kufatsa kwawoko n'kumene kunandikwiyitsa. Ine ndine wa mtima wapachala, akwathu amandidziwa. Ndinawauza pomwepo kuti moyo wodikira galimoto ya munthu ndatopa nawo, ndikupita kukafuna ntchito. Anandiyang'ana, nati, "Nanga Tina?" Tina ndi mwana wanga, nthawi imeneyo anali atangosiya kuyamwa. Za bambo ake tisatayepo nthawi. Ndinamusiya m'manja mwa amayi, ndipo m'chapa, minibasi ya kwathu kuno, ndinalira mpaka wotolera ndalama anachita manyazi kundikumbutsa.

Beira inandilandira ndi thukuta. Munthu wokulira kumapiri, kumene timafunda mabulangete awiri, ndinkadzuka ngati ndagona m'bafa. Ndinapeza kachipinda ka renda kuseri kwa nyumba ya anthu olankhula Chisena. Anali anthu abwino ndithu, koma chimene chinkandiwawa si njala ayi, kunali kutha sabata yathunthu osamva munthu akundifunsa kuti ndaswera bwanji m'chilankhulo changa. Mwezi ukatha ndinkatumiza ndalama kumudzi pa telefoni, yotsalayo n'kukwana renda ndi mpunga basi. Amayi ankanditumizira mawu ojambula. Ankamuuza Tina kuti, "Lankhula ndi amako," koma ine ndinkangomva kupuma kwake, kenako phokoso la nkhuku. Kupuma komweko ndinkakumvetsera mobwerezabwereza.

Ntchito ndinaipeza pa loja, ndiye kuti sitolo, ya mbewu, adubu ndi mankhwala a m'munda. Mwini wake anali Dona Celeste, mayi wamasiye, wathupi, wovala magalasi omangirira chingwe m'khosi. Mayi ameneyu ndimamutayira kamtengo mpaka lero. Anayamba ndi kugulitsa mbewu ya matimati pa supuni mumsika, ndipo sanaiwale kuti anayambira pansi. Sindinamumvepo akukalipa. Ukalakwitsa ankangokufunsa funso limodzi, iwe n'kumatuluka thukuta wekha. Poyamba ndinkasesa ndi kunyamula makatoni. Tsiku lina anandimva ndikulangiza mlimi za chiwawu cha mbatata, mawa lake anandiika pogulitsira. Patapita nthawi anandilipirira maphunziro a kompyuta, kenako anandipatsa loja yake ya pa intaneti kuti ndiziiyendetsa.

Loja ya pa intaneti ili ndi kabokosi pamwamba, momwe munthu amalembamo chimene akufuna kugula. Kathu kanapangidwa ndi mdzukulu wa Dona amene anapita ku Joni, ndipo kanali kouma mutu ngati bulu. Ukaphonya chilembo chimodzi, kankayankha kuti katundu ameneyo kulibe, chikhalirecho matumba ali mbwee kuseri kwanga.

Tsiku lina ndinalimba mtima n'kupempha Dona kuti atsegule aramazemu yaing'ono ku Tsangano, nyumba yosungiramo katundu, kuti alimi aziitanitsa pa telefoni n'kumadzatengera pafupi. Sindinabise chifukwa changa. Tina anali atatsala pang'ono kuyamba sukulu, ndipo ine ndinali mayi wa pa telefoni chabe. Dona anatembenuza kompyuta n'kundionetsa kumene ogula athu amachokera. Dera lakwathu linali mbee.

"Mwana wanga, anthu akwanu sagula kwa ine," anatero. "Akayamba kugula dzinja lisanafike, ndikutsegulira, ukakhale ndi mwana wako. Akapanda kugula, sindingamange nyumba yosungiramo fumbi."

"Sagula chifukwa kabokosi kathu sikawamva, Dona."

"Ndiye sintha kabokosiko."

Umu ndi mmene ndinalowera m'nkhani yosankha ntchito yofufuzira yobwereka. Pali maempureza, kapena kuti makampani, amene ntchito yawo ndi imeneyi basi. Umawapatsa mayina a katundu wako yense, makina awo akutali n'kumayankha aliyense wolemba m'kabokosi mwako, iwe n'kumalipira pamwezi ngati renda. Ndinasankha atatu amene ankalola kuyesa kaye usanalipire. Onse ankakhululuka munthu akaphonya chilembo, ndipo onse ankalola kuti uwaphunzitse mawu ofanana tanthauzo. Apa ndiye ndinasangalala zedi. Ndinawauza kuti kachewere ndi batata reno, chiwawu ndi míldio, feteleza ndi adubu ndi adubo yemweyo. Mawu akwathu amene ndinkawasowa m'makutu ndinkawalemba ndikumwetulira ndekha ngati wamisala.

Woyamba anali wokongola, ukangoyamba kulemba zithunzi zikubwera kale. Wachiwiri anali wachangu ndiponso wotsika mtengo. Wachitatu analibe zokometsera, koma mtengo wake unali wokwera. Dona mtima wake unali pa wachiwiri, inenso chimodzimodzi. Ndinafuna kuti tingosaina tithane nazo, koma iye anavula magalasi.

"Wagulapo adubu kangati pa telefoni iwe?" anandifunsa. Ndinati sindinagulepo. "Inenso ayi. Ndiye tikusankhira ndani muno? Tenga onse atatu upite nawo kwanu, akayese eni ake."

Anandipatsa ya chapa, ndipo ndinanyamuka.

Ndinayambira ku Macanga, kwa amalume anga a Ernesto amene amalima fodya ku Chidzolomondo. Kuchoka pa Furancungo ndinakwera njinga yamoto, n'kufika tsitsi lili psuu ndi fumbi. Redi ya telefoni, netiweki ija, kumeneko imagwira ukaima pachulu cha kuseri kwa chigafa, ndiye tinakwera pachulupo. Amalume analemba kuti adubu. Wa zithunzi uja anayamba kuzungulira, kuzungulira, osatulutsa kanthu. Amalume anandibwezera telefoni, nati, "Mena, fodya wanga auma aka kasanayankhe." Woyamba anathera pachulu pomwepo. Enawo awiri anayankha bwinobwino, ndipo ndinachoka ndili ndi chikhulupiriro kuti nkhani yatha, titenga wotsika mtengo.

Nditafika ku Tsangano, Tina anabisala kumbuyo kwa amayi. Atamukankhira kutsogolo, anagwada n'kundipatsa moni wa ulemu wonse, monga amachitira kwa mlendo wochokera kutchalitchi. Ndinamuyankha bwino, koma m'kati ndinasweka. Ndinadziuza kuti aramazemu imeneyi itsegulidwa, zivute zitani.

Ababa ndi amene amatsogolera gulu la alimi a mbatata m'dera lathu. Si munthu wolankhulalankhula, koma akati tiyeni, anthu amanyamuka. Gulu limeneli likanagula kwa ife, Dona sakanafunanso umboni wina. M'mawa wina atatha msonkhano wawo pa shedi, ndinaimirira n'kufotokoza zonse, kenako ndinapereka telefoni kwa ababa, nditatsegula wachiwiri uja. Analemba ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, kuti feteleza. Katundu anabwera nthawi yomweyo, mitundu yonse ndi mitengo yake. Koma pamwamba panatuluka kamzere ka Chipwitikizi, kakuti "A mostrar resultados para adubo," kutanthauza kuti tikukuonetsani za adubo. Mawu awo aja anali atachotsedwa m'kabokosi, m'malo mwake mutalowa enawo.

Ababa anawerenga kamzereko milomo ikugwedera. Kenako anaika telefoni pabenchi chafufumimba.

"Zikomo, Mena. Ife tizigula mmene timagulira."

Anatuluka, ndipo anthu angapo achikulire anawatsatira osayang'ana kumbuyo. Otsalawo anangoti kukamwa yasa, ngati ine.

Ndinawalondola mpaka kudimba ndikuwira. "Ababa, mwalemba, katundu wabwera. Mwafuna chiyaninso? Mukudziwa kuti mwana wanga akundigwadira ngati mlendo?"

Sanasiye kupalira. Anangoti, "Kandikonza."

"Kakukonzani bwanji?"

"Ndanena mawu anga, iko kandiuza mawu oyenera. Ndine wamkulu, Mena. Za kukonzedwa pakamwa ndinathana nazo."

Ndinaimbira Dona ndili pamsewu. Ndinamuuza kuti ababa ndi ovuta, akukana chinthu chogwira bwino ntchito chifukwa cha kamzere kamodzi. Ndinkayembekeza kuti andigwirizana nazo. Anandiuza kuti ndimuwerengere kamzereko, ndipo nditawerenga ananditchula dzina langa lonse.

"Filomena, wakhala nane pogulitsira nthawi yonseyi. Munthu akabwera n'kunena kuti akufuna mankhwala a tizilombo tobiriwira tija, unandimvapo ndikumuuza dzina lake lenileni ndisanamupatse?"

Ndinaganiza, ndipo zoonadi sindinamumvepo. Ankangotembenuka n'kutenga botolo, n'kumufotokozera kathiridwe kake m'mawu omwewo amene munthuyo wabwera nawo.

"Wogula si mwana wa sukulu," anatero. "Afunse ngati kamzereko kangachoke."

Ndinawalembera a empureza yachiwiri. Anayankha mwaulemu kuti pa mtengo wathuwo makina awo amafuna dzina limodzi likhale lalikulu, enawo azilozera kwa ilo, ndipo kamzereko sikachoka. Wachitatu sankatero. Kwa iye mawu onse amene wamuphunzitsa anali ofanana msinkhu, munthu akalemba lililonse, lake lomwelo limatsala m'kabokosi. Kusiyana kumeneku ndinali nditakuona kale ku Beira, koma ndinkakuyesa nkhani ya maonekedwe chabe.

Ndinamuuza Dona ndili ndi mantha, chifukwa kusiyana kwa mtengo sikunali kwa masewera, ndipo mayi ameneyu ndalama yake saitaya. Sanazengereze. Anati, "Tenga wachitatuyo. Ndichepetsa kwina." Pambuyo pake ndinamva kwa anzanga kuti anaimitsa zopaka utoto loja ya ku Beira chaka chimenecho. Anachita zimenezi chifukwa cha mlimi amene sanamuonepo n'kamodzi komwe.

Kuwabweza ababa pa telefoni inali ntchito ina. Ndinawanyengerera, anakana. Amayi ndi amene anawagonjetsa, powauza kuti, "Inu, yesaninso kamodzi, mwanayu wachokera kutali." Anakhala pakhonde, analembanso ndi chala chimodzi chija. Katundu anabwera. M'kabokosi munali feteleza, monga analembera, ndipo pamwamba panalibe chilichonse. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako analemba kachewere, n'kulembanso chiwawu, ngati munthu amene akuyesa mlatho asanawolotse ng'ombe. Pomaliza anati, "Ubwere nayo pa shedi Loweruka."

Gulu linagula, ndipo anzawo a midzi ina atamva anagulanso. Dona anasunga mawu ake mvula isanagwe. Ndinabwerera ku Beira kukatenga katundu wanga, ndipo potsanzikana anandikumbatira mpaka magalasi ake anandikanda tsaya. Lero ndimakhala ku Tsangano, m'zipinda ziwiri kuseri kwa aramazemu. Tina amagona ndi ine. Anasiya kundigwadira, tsopano amandiyankha mwano pang'ono, ndipo amayi akuti watengera ine.

Chimene sindinkachidziwa za kwathu ndinachimva m'mawa wa tsiku lotsegulira, tikusesa ndi amayi. Ine ndinabadwa nkhondo itatha. Ndinkadziwa kuti makolo anga anathawira ku Malawi n'kubwerako mtendere utabwera, pamene ena, monga amalume a Ernesto, sanachoke. Koma ndinkaona anthu a mudzi umodzi, opemphera tchalitchi chimodzi, okwatirana okhaokha. Mawu awiriawiri amene ndinakula nawo m'kamwa, feteleza ndi adubu, sukulu ndi eskola, ndinkawayesa chuma chathu basi. Sindinkadziwa kuti kwa akuluakulu, mawu amene munthu watulutsa amanena kumene anali nthawi ya nkhondo.

Amayi anaimika tsache, nati, "Chaka chimene tinabwerera, ababa ako analowa m'loja ina pamsikapa kukafuna feteleza. Wogulitsayo anawauza pamaso pa anthu kuti kuno timati adubu, za feteleza akazifunse kukampu kumene ankadya zaulere. Anthu anaseka. Munthu amene anaika m'manda ana awiri kukampuko." Anayambanso kusesa. "Chiyambire tsiku limenelo sanagulepo ndi pakamwa pawo mbali ino. Ankawoloka malire, kapena kutuma ine. Iwe utangodziwa kuwerenga, tinayamba kutuma iwe."

Ndinakumbuka maulendo onse aja, ndili kamtsikana, ndikukankha njinga ya ababa kupita kumsika, ndikunyadira kuti amandikhulupirira kuposa ana onse. Iwo ankandidikira patali, pansi pa mtengo wa bulugamu, n'kudzandithandiza kumanga thumba ndikatuluka. Ndinkaganiza kuti akundiphunzitsa malonda. Ndinamva chisoni chachikulu, komanso ndinawalemekeza kuposa kale, chifukwa munthu ameneyu anatsogolera gulu la othawa ndi otsala omwe kwa zaka zonsezi, osabwezera aliyense mawu oipa.

Dzuwa litakwera anthu anayamba kubwera kudzatenga katundu amene anaitanitsa. M'nyumbamo munadzaza, achinyamata, amayi a ana kumbuyo, ndi akuluakulu ena amene sanachokepo pa Tsangano chibadwire. Ndili pakati polemba, ndinaona ababa ataima pakhomo. Katundu wa gulu tinali titamupereka kale ku shedi dzulo lake, ndiye panalibe chowabweretsa. Analowa, anadikira pamzere ngati wina aliyense, ndipo atafika patsogolo panga sanatsitse mawu.

"Ndifuna feteleza."

Ndinaika cholembera pansi n'kuwafunsa.

"Wokulitsa kapena wobereketsa, ababa?"

"Wokulitsa," anatero. "Ndinyamula ndekha."