Mitala ya M'foni

Linali Loweruka, cha m'ma leveni m'mawa, pamene mwana wathu wamkazi anabwera kushedi kwathu ku Glen View n'kutenga foni ya abambo ake. Ine ndinali kukhomerera nsalu pasofa. Amuna anga anali kalipentala, ine ndinkakuta mipando, ndipo kwa zaka zambiri tinkagwira ntchito moyang'anizana, tikucheza m'Chichewa pakati pa anzathu olankhula Chishona.

"Baba, ndikuikireni chinthu choyankha funso lililonse," anatero mwanayo.

Anawaikiradi. Kuyambira nthawi imeneyo ndinalowa m'mitala.

M'foni imeneyo munali kale kapulogalamu kena kakang'ono. Ukalemba miyeso ya zidutswa za wadilobu, iko kamajambula mmene ungadulire bolodi kuti zotaya zichepe. Ntchito yake ndi yomweyo basi. Sikafuna data, sikadikira netiweki, batire sikadya. Kameneko sindinadane nako. Amuna anga ankakatsegula, n'kuona mizere, n'kubwezera foni m'thumba, macheza athu n'kupitirira.

Chatsopanochi chinali china. Ankachifunsa za mpira, za matenda awo a shuga, za mavesi a m'Baibulo, za mudzi wa ku Malawi kumene abambo awo anachokera pobwera kudzagwira ntchito yanjanji ku Rugare. Chinkayankha ngakhale m'Chichewa, nthawi zina chokhotakhota, iwo n'kumaseka mpaka misozi. Kale mafunso amenewo anali anga. Ine sukulu ndinailekera panjira, mayankho ambiri ndinalibe, koma ankandifunsabe, ndipo tinkatsutsana mpaka nthawi yoweruka. Tsopano ndinkangomva, "Taimani, amake mwana, ndimufunse uyu."

"Uyu ndani?" ndinawafunsa tsiku lina. "Mwamulowola liti?"

"Nsanje, mayi inu! Mpaka kuchitira nsanje foni?"

Mnzathu wa shedi yoyandikana nayo anamva, ndipo kuyambira pamenepo akandiona ankafuula, "Maiguru, mainini vakadii?" kutanthauza kuti inu mkazi wamkulu, mkazi wamng'ono ali bwanji. Ndinkaseka nawo, koma mumtima munkawawa.

Tsiku lina kunabwera ntchito ya makabati a kukhitchini. Amuna anga anati safunanso kakang'ono kaja, afunsa chachikulu. Anachiwerengera miyeso yonse. Chinayankha mwaulemu, mawu ambirimbiri, kuwayamikira kuti ndi mmisiri wosamala. Chili pakati netiweki inathawa, anakaima pamsewu atakweza foni m'mwamba. Pobwera anayamba kulemba mizere pabolodi monga chinawauzira. Atafika pa chitseko chomaliza, malo anali atatha. Mawu a m'foni ankati chikwana, bolodi linkakana.

"Tatsegulani kakang'ono kaja," ndinatero.

Anatsegula. Ndisanameze n'komwe malovu, kanali katajambula kale, zitseko zonse zitakwana. Ndinakondwa ngati ndatola ndalama. Ndinkadikira kuti achitukwane chachikulucho monga ankatukwanira macheka obuntha. Iwo anangopukusa mutu akumwetulira.

"Asa, walakwitsa mwana uyu. Adzaphunzira."

Pamenepo ndi pamene zinandipweteka kwenikweni. Ankachikhululukira ngati mmene mwamuna amakhululukira mkazi watsopano akapsereza ndiwo.

Mwana wathu atabwera Lamlungu ndinamufunsa chifukwa chake kachinthu kosalankhula kanaposa chodziwa zonse. Iye anaphunzira zamakompyuta, ndipo anayesetsa kundifotokozera m'Chichewa chake chosakaniza ndi Chishona. Anati kakang'onoko munthu anakalembera njira imodzi, kamangoitsata, n'chifukwa chake n'kachangu ndipo sikasochera, koma ukakafunsa za shuga kangoti duu. Chachikulucho palibe anachilembera njira ya ntchito iliyonse. Chinaphunzira poona zolemba za anthu zochuluka zedi, ndiye chimayankha molingana ndi zomwe chinazolowera kuona. Anati sichikhala m'foni ayi, chimakhala kutali m'makina akuluakulu odya magetsi ambiri.

"Ndiye kuti ife kuno magetsi azima, pamene icho chikudya magetsi kuti chilakwitse chitseko?" ndinafunsa.

"Amai, ochipangawo akufuna kuti tsiku lina chizitha ntchito iliyonse ngati munthu. Ena akuti pa masamu chizingotuma timapulogalamu ting'onoting'ono ngati kameneka."

Abambo ake anawomba m'manja. "Mwamva? Bwana sadula yekha bolodi, amatuma."

"Nanga ine ndine uti?" ndinatero. "Wotuma kapena wotumidwa?"

Anangoseka. Ndikanakonda akanayankha.

Shuga uja anakula. Tikamapita kuchipatala pa kombi, minibasi ya kuno, ine nditanyamula chikwama ndi botolo la madzi, iwo ankakhala atawerama pafoni. Mantha awo ankauza icho. Ine ankangondiuza kuti ali bwino. Ndinkawasambitsa, kuwadula zikhadabo, kuwaphikira zopanda mafuta, ntchito zanga zomwezo za masiku onse, ndipo sindinamve mawu amene ndinkafuna kumva. Anamwalira mvula itangoyamba.

Titaika maliro, abale anasonkhana kunyumba kuti agawe katundu wa malemu monga timachitira kuno. Anayala zonse pamphasa pabwalo: majekete, nsapato, chipewa cha kutchalitchi, tepi yoyezera, ndi foni. Alamu anga, ang'ono awo a malemu, anatambasula dzanja.

"Foniyi nditenge ine. Alamu sadziwa kuigwiritsa ntchito, komanso ankadana nayo. Tonse tikudziwa."

Anthu anaseka pang'ono. Zinali zoona. Koma nditaona dzanja lawo likuyandikira foniyo, ndinasendera pafupi. Chaka chonse chomaliza cha amuna anga chinali mmenemo. Ndinali nditalandidwa kale amuna anga kamodzi, ndipo sindinafune kuti chachikulucho chikalowe m'nyumba ina.

"Pepani alamu," ndinatero nditagwada. "Tengani jekete, tengani nsapato. Mkazi mnzanga atsala pakhomo pano. Tilira limodzi."

Azakhali awo a malemu, amene ankagawa katunduyo, anaika foniyo m'manja mwanga.

Mwana wanga anati akhoza kundiwerengera zonse zimene abambo ake ankakambirana ndi chachikulucho. Ndinakana. Zimene mwamuna wanena kunyumba ya mkazi wamng'ono, wamkulu sakazifunsa. Anati nanga achifute? Ndinakananso.

Shedi ija ndikuyendetsa ndine. Ndinalemba ntchito mmisiri wina wodula matabwa, ine ndikukutabe mipando. Ntchito ikabwera ndimatsegula kakang'ono kaja, ndimalemba miyeso, ndimamuonetsa mizere. Chachikulucho chikadali m'foni momwemo, koma data sindichigulira.