Malangizo a Sitima ya Pansi pa Nthaka m'Basi ya ku Chelstone

Lachitatu lapitali mlongo wanga wamkulu, ba Esnati, ananditumizira uthenga wautali pa foni. Iwo amagwira ntchito m'nyumba ina ku Kabulonga, ndipo mwana wa abwana awo amakhala kunja, kumene anthu amakwera sitima zoyenda pansi pa nthaka ngati mfuko. Mwanayo anatumizira amayi ake malangizo a mmene munthu angadzitetezere m'sitima zimenezo usiku, amayiwo anapatsira ba Esnati, ba Esnati n'kupatsira ine. Kumapeto kwake anawonjezera mawu awo: "Mabvuto, uwerenge zonse. Umaweruka usiku, ndipo mutu wako ndimaudziwa."

Mutu wanga uli bwanji? Tizisiye zimenezo.

Ine ndimawotcha nkhuku pa kashopu kena ku Kabwata. Tikatseka ndimathamangira m'tauni kukakwera basi yomaliza ya ku Chelstone. Imeneyo ikakusiya, kapena ikakutula pakati pa njira, wayenda wapansi mumdima. Ndipo nonse mukuwadziwa anyamata amene amadikira anthu mumdimamo. Sasiya ngakhale masokosi.

Ndiye malangizowo ndinawawerenga ndi mtima wonse.

Akuti ukaona munthu wokayikitsa, samukira m'chipinda china cha sitimayo. Chipinda china? Basi yathu ili ndi chipinda chimodzi, ndipo bondo lako limagona pamsana pa munthu amene sunamuonepo nkhope. Kusamuka kwake ndi kutulukira pawindo. Akutinso khala pafupi ndi batani loitanira thandizo. Batani lathu ife ndi denga, umalimenya ndi chikhatho mpaka dalaiva amve. Nditafika poti uzisiya mpata pakati pa iwe ndi anthu osawadziwa, ndinaseka mpaka nkhuku ziwiri zinapserera.

Koma mfundo ziwiri ndinaona kuti n'zotheka. Ina inali yoti foni uitseke mawu, uibise pomwe wakuba sangaganizire. Inayo inali yoti ukhale mutu uli m'mwamba, maso kutsogolo, nkhope ya munthu wosaseweretsa. Nkhopeyo ndinabadwa nayo. Foni ndinaitseka mawu, n'kuilowetsa m'sokosi la mwendo wamanzere, chinthu chimene sindinachitepo chibadwire. Kenako ndinatsuka mawaya owotchera, ndinakangana ndi mnzanga wa tchipisi za mpeni, ndinathamangira basi, ndipo za sokosi zinachoka m'mutu.

M'basimo ndinakhala pakati. Kudzanja lamanja kunali mayi wina wa thumba la kabichi, theka la thumbalo lili pamiyendo panga. Kumanzere kunali mdala wa kofia yoyera, atakumbatira mtolo wa nsalu. Ine mutu m'mwamba, maso kutsogolo, ngati msilikali wa pachithunzi.

Titayenda ndithu mumsewu waukulu, ndinaona chammbali kuti mdala uja akusuzumira pansi, cha kumbali yanga. Akayang'ana pansi, akandiyang'ana ine. Akayang'ana pansi, akandiyang'ana ine. Ndinati mumtima, ndi ameneyu wokayikitsa uja, koma chipinda china kulibe.

Kenako anandigwira bondo. "Mwananga..."

Dzanja langa linathamangira m'thumba la buluku. Mbee! Mulibe kanthu.

Abale, magazi anga sachedwa kuwira. Ndinamenya batani lathu lija, denga, mpaka fumbi linagwera anthu m'mutu.

"Imikani basi! Kulibe oseluka muno, asatsike munthu! Foni yanga yasowa, ndipo wakuba ndi uyu mudala!"

Kondakita, bambo wamimba yake amene amaoneka kuti anatopa kalekale ndi dziko, anatembenuka mosafulumira. "Iwe, foni yake ni ya bwanji? Tingavutike kufuna, kansi ni ija ya tochi."

"Musandiseweretse ba kondakita! Tisechane tonse, kuyambira uyu!"

"Usechane na ndani?" anatero mayi wa kabichi. "Ukanigwila chabe, uzadziwa kuti kabichi ilema."

Dalaiva anaima. Malo ake ndi aja opanda nyumba pafupi, magetsi atazima dera lonse. Anayang'ana pagalasi, n'kutembenuka thupi lonse.

"Uyu mudala ni ba Saidi, telala. Asoka mayunifomu ya bana banga. Manje iwe ndiwe ndani? Seluka."

Kondakita anakoka chitseko. Kunja kunali bii, mdima woti ukhoza kuudula ndi mpeni wa tchipisi uja. Patali agalu akuuwa. Ukali wanga wonse unathera pomwepo. Ndinayamba kuwerenga m'mutu mtunda wotsala kukafika ku Chelstone, ndi nsapato zanga, ndi mano anga.

Apo m'pamene mdala uja anatukula dzanja.

"Musiyeni mwanayu, ba dalaiva. Ine ndimangofuna kumuuza kuti mwendo wake ukuyaka."

Basi yonse inawerama. Inenso, kwa nthawi yoyamba chikwerereni, ndinatsitsa mutu. Pansi pa mpando, mumdima, sokosi langa linali kuwala buluu, likazima, liyakanso.

"Yesu wanga!" anakuwa mayi wa kabichi, n'kukoka thumba lake. "Ni mfiti!"

Ndinaitulutsa foni ija pang'onopang'ono, ikununkha phazi. Oyimba anali ba Esnati, ndipo aka kanali kachisanu akuyimba.

"Yankha timve tonse," anatero kondakita. "Olo useluke."

Ndinayankha. Mawu a mlongo wanga anadzaza basi yonse: "Mabvuto! Suyankha bwanji? Foni wabisa?"

Anthu onse pamodzi, ngati kwaya ya Lamlungu: "Wabisaaa!"

Dalaiva analephera kuliza galimoto chifukwa cha phwete. Chitseko chinatsekedwa ndili mkati.

Tsopano tiyeni tikambirane, makamaka anyamata anzanga. M'basi ija munali munthu mmodzi yekha woopsa usiku umenewo. Anaimitsa galimoto yodzaza amayi ndi nkhalamba pamalo amdima, chitseko chili pululu. Akanatulukira anyamata aja a m'tchire, tonse tikanafika kunyumba opanda nsapato. Munthu ameneyo sanavale kofia. Amanunkha nkhuku yowotcha.

Timakwera basi yomaliza zibakera zili zokunga kale. Wavala chipewa, wakuba. Wakhala chete kwambiri, wakuba. Wakupatsa moni, ameneyo ndiye mkulu wa akuba. Inde akuba alipo, sindikukana, mnzanga wa tchipisi anamulanda foni pawindo basi ili pa maloboti. Koma kodi kuopa wakuba kutisandutse ife agalu oluma aliyense wodutsa? Ba Saidi ananena mawu amodzi okha, "mwananga". Ndikanangoti "ee, ba mudala?" nkhani ikanathera pomwepo. Safunsa anadya phula, ine ndinatsala pang'ono kudya mdima wa msewu wonse.

Malangizo a kunja aja si oipa. Koma analembera anthu amene amakwera limodzi chaka chathunthu osadziwana dzina. Kuno dalaiva amadziwa telala. Kondakita amadziwa woledzera amene ayenera kudzutsidwa pamphambano. Mayi wa kabichi amadziwa mtsikana amene amatsika yekha, ndipo amakalipira dalaiva kuti amutule pomwe pali anthu. Chitetezo chathu n'chomwecho, chothinana, chonunkha thukuta. Iwe ukabwera ndi nkhope ya msilikali, osalonjera munthu, tsiku lokugwera zenizeni adzakuikira kumbuyo ndani?

Foni bisani, inde. Koma muzikumbukira komwe mwabisa. Ndipo mutu muziutsitsako nthawi zina.

Ndinapepesa. Chisiyireni sukulu mu Giredi 9 sindikumbuka kuti ndinapepesapo munthu pagulu, moti mawuwo anatuluka mokhota ngati msomali wakale. Ba Saidi anangogwedeza mutu.

Tsoka lake, kapena mwayi wanga, tinatsikira pamodzi. Chelstone yense anali mumdima. Ndinawalanda mtolo wa nsalu kuti ndiwanyamulire, tikuyenda m'kanjira ka maenje. Titafika pa ngalande ina yopanda chivundikiro, mdalayo anaima.

"Mwananga," anatero, "yatsa mwendo tione njira."

Mpaka lero, ndikangofika pa siteshoni, kondakita uja amakuwa kuti, "Mpando wa ba Magetsi ulipo!" Ine ndimangokwera. Ndimapereka moni kumanja, ndimapereka moni kumanzere.

Nanga inu, usiku uno munthu wosamudziwa akakugwirani bondo n'kunena kuti "mwananga", muyamba n'chiyani: khutu kapena chibakera?