Dzanja lanu pachithunzi cha kampango

Bambo a Rhoda, dzulo mdzukulu wathu anandionetsa chithunzi chakale pafoni: mzungu akumwetulira, atanyamula kampango wamkulu. Pambali pakuoneka dzanja lokha, litagwira mchira. Ndinalizindikira kuti ndi lanu ndi chipsera cha mbedza chija.

Inali nthawi ya makadi a chipani, mukuperekeza alendo okawedza kuno ku Salima. Mzunguyu ankadzitama kuti anawedzapo m'nyanja zamchere zonse, koma mwera utangoyamba anagona m'bwato n'kumasanza. Kampangoyo munamukoka ndinu, ndi chingwe chapamanja. Nditakalipa kunyumba kuti mzunguyo mwamupatsiranji nsomba yanu, munangoseka: "Msiyeni, mayi a Rhoda, kwawo akanena chiyani?"

Pansi pa chithunzicho alembapo dzina lake, ati katswiri. Katswiri wa masanzi! Inu munagona kalekale, dzina lanu palibe, koma nsombayo mwaigwirabe ndinu.