Azakhali Analawa Kansalu ka Kumwezi

Bambo anga anamwalira anthu akuwatchabe abodza. Anali mphunzitsi ku Ntcheu, ndipo atamva pa wailesi kuti anthu aponda pamwezi, anakauza ana asukulu. Mudzi unawaseka mpaka ukalamba, ndipo wotsogolera chisekocho anali mlongo wawo weniweni, azakhali anga. Zinkandiwawa, ndipo ndinkafuna kuti tsiku lina azakhaliwo adzavomere ndi pakamwa pawo kuti bambo sananame.

Azakhali anandipeza ku Bradford, kudziko la azungu, m'zaka za m'ma 2000, ndili namwino, kudzandithandiza nditabereka. Moyo wawo wonse ankagulitsa zitenje mumsika wa Limbe, ndipo nsalu sankaikhulupirira ndi maso. Ankainyambita pakona, lilime ndiye liwauze ngati ndi yeniyeni.

"Iwe, mbendera ya pazithunzi zawo za kumwezi zija ingakupize bwanji kopanda mphepo?" ankatero uku akusisita mwana. "Anajambulira kuseri kwa nyumba zimene zija. Bambo ako ankangomeza zilizonse."

Ndinkawayankha mokwiya, iwo n'kumangoseka. Aaa, mayi amene uja!

Tsiku lina ndinaona m'nyuzipepala kuti kuli okushoni ya zinthu za oyenda mumlengalenga, ndipo dzulo lake anthu amaloledwa kukaona. Zogula sindinkaziganiza n'komwe. Ndinangowakoka azakhali, tinakwera basi.

Chipindacho chinali pamwamba pa fakitale yakale ya ubweya. Dzuwa linkalowa mopendekeka, fumbi likuyandama pang'onopang'ono. Pakhoma panali zithunzi za anthu ovala zoyera, ataima pa dothi lotuwa, kumwamba kuli bii. Ndinkayenda ngati ndalowa m'maloto a bambo, ndikumva mawu awo akufotokoza kuti kumeneko munthu amapepuka, akadumpha amachedwa kutera.

Kenaka tinafika pa kansalu koyera, kokwana pachikhatho, kokhala ndi kalata yoti kanapita kumwezi m'thumba la munthu n'kubwerako. Mayi woyang'anira, atavala magolovesi, anakatulutsa m'bokosi kuti tikaone bwino. Azakhali anakalandira ndi manja awiri, bondo litapinda pang'ono, monga timalandirira kwathu. Ndisanatsegule pakamwa, lilime linali litafika kale pakona.

Mayi uja anakuwa. Ine manyazi, thukuta kuti kamukamu, ndikupepesa m'Chingerezi chosweka ngati sindinapite kusukulu. Anatiperekeza mpaka pakhomo mwaulemu wozizira.

"Mwandichititsa manyazi, azakhali," ndinatero m'basi. "Kuno si ku Limbe!"

Ankangoyendetsa lilime m'kamwa, maso ali pawindo. Anali masana, koma mwezi unkaoneka pamwamba pa machumuni, wotuwa, wopyapyala, ukutitsatira msewu wonse.

"Thonje ndimalidziwa," anatero patapita nthawi. "Nayiloni ndimamudziwa. Za ku Tanzania, za ku Zambia, zonse ndinalawa. Koma kameneka kalibe mchere, kalibe thonje. Kakuzizira ngati galasi. Nsalu yotere sasokera anthu oyenda pansi pano."

Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Achimwene ankati anapita anthu angati?"

"Atatu. Awiri ndi amene anatsika."

"Ukandilembere papepala, ndingaiwale," anatero, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ndikabwerera ndikapita kumanda, ndikawauze ndekha kuti ndinawalakwira."