Chikwatu cha Anesi

A Pilato ndi alamu anga, amuna a malemu mkulu wanga Anesi. Amathyola tiyi ku esiteti, ndipo mutha kuwazindikira ali patali: aatali, opindika pang'ono chifukwa cha dengu la kumsana. Anabwera pamudzi pathu, kufupi ndi Milonde, ngati mkamwini, ndipo zaka zonsezo sindinawaonepo atagwira mthiko. Ngakhale madzi osamba ankachita kuwatenthetsera.

Anesi anatisiya mvula ili pakati, n'kusiya ana awiri, Claudia ndi Chikhulupiriro. Kwathu kuno mkazi akamwalira, mkamwini amasudzulidwa n'kubwerera kwawo, ana n'kutsala kuchikazi. Achimwene athu a Golden, omwe ndi eni mbumba, sanazungulire.

"Alamu, tikakolola tidzakumasulani. Claudia ndidzamutenga ine ku Nkando, wamng'onoyu adzakhala kwa Katarina." Katarinayo ndine.

"Ana anga musawagawe chonde," anatero a Pilato. "Ndiwalera pompano."

"Muwadyetsa chiyani? Tidzaona pokolola."

Kunena zoona, funsolo linali m'malo mwake. Alamu ankati akalandira malipiro, molunjika ku okala: buledi, shuga, mafuta ophikira, soya wa m'mapaketi. Masiku ochepa ana akudya ngati alendo, kenako m'nyumba mbee! Chonsecho kuseri kwa nyumba munda wa Anesi unali utachita kuyanga, maungu ali mbwee, opanda wowathyola.

Tsiku lina, mwezi wa Malichi, anafika pakhomo panga chipewa chili m'manja.

"Alamu, mundiphunzitse kusadzula nkhwani."

Ndinaseka mpaka misozi. Zala zothyola tiyi zija, zikakumana ndi nkhwani zimachita ngati za mwana. Koma munthuyu ndi wamakani abwino. Anaphunzira kutendera ndi nsinjiro m'malo mwa mafuta. Dzungu ankaliphwanyira m'phala, shuga osafunikanso. Buledi anamusiya, mmawa ana n'kumadya mbatata ndi mapeyala a pamtengo wa pakhomo. Kumsika ankapita dzuwa litapendeka, amayi a matimati atatopa ndi kunenerera. Anzawo a ku esiteti anayamba kuwatcha "mayi Claudia". Iwo ankangoyankha kuti, "Wawa."

Vuto linali la kutsogolo. Masamba a masika sachedwa kukhwima, ndipo chilimwe chikafika tiyi amachepa, malipiro nawo n'kufota. Nyumba yopanda mfutso nthawi imeneyo imaona zakuda, ndipo a Golden ankadziwa zimenezo. Alamu anafutsa nkhwani ndi chitambe, n'kuyanika pamphasa, n'kuthira m'thumba monga ndimachitira ine. Chiperoni atabwera ndi kamvula kake kowaza, chinyezi chinalowa m'khitchini yawo yodontha ija, mfutso wonse n'kuola. Ndinawapeza atakhala pakhonde, thumba lili pamapazi.

"Anesi sankaika m'thumba," anatero. "Ankamanga zikwatu."

"Eetu, koma ine zimenezo ayi. Amayi anaphunzitsa iye yekha, ine ndinali pa masewera."

Chikwatu ndi mfutso wokulungidwa m'masamba a msuku, womangidwa ndi luzi, wopachikidwa pamwamba pa moto kuti utsi uziupitikitsira chinyezi. Amayi athu anabwera nalo luso limeneli kuchokera ku Mozambiki. Alamu anayesa kumanga. Chilichonse chinkangomasuka, mfutso n'kumwazika pansi.

M'khitchini munali mutatsala chikwatu chimodzi chomanga Anesi, chakuda bii ndi mwaye. Chimenecho alamu sankalola munthu kuchikhudza. Chikhulupiriro atachigunda ndi ndodo tsiku lina, anakalipiridwa koyamba m'moyo wake. Ine ndinkachiona, iwo ankachiona, koma ndinkaopa kuwauza kuti tichimasule.

Loweruka lina mmawa anandiitana. Ndinapeza atachitsitsa, chili pa lichero.

"Mukhale pafupi, alamu. Ndekha sindingathe."

Anamasula luzi pang'onopang'ono, akuyang'ana mmene linadutsira, mmene tsamba lililonse linagonera pa linzake. Mkati mwake nkhwani anali wouma bwino, ndipo Anesi anali atasakanizamo matimati oyanika ndi kambuzi pang'ono, monga ankakondera. Fungo lake litatifika, tonse tinalira, osabisa. Alamu atapukuta m'maso anatola masamba a msuku n'kumanga chawo choyamba. Chinali chopindika mutu, koma sichinamasuke.

Titakolola, a Golden anabwera pa njinga kudzamaliza nkhani ija. Ana anakhala pakhomo, Claudia atagwira dzanja la mlongo wake. Alamu anati nkhani idikire, mlendo ayambe wadya. Achimwene analowa m'khitchini kukasamba m'manja, n'kuyang'ana kudenga. Zikwatu zinali ndandanda, zina zonenepa, zina zowonda.

Atatapa ndiwo kamodzi, anasiya kutafuna.

"Mfutso uwu anafutsa ndani?"

"Mlongo wanu," anatero a Pilato. "Ndi womaliza. Wam'mwambawo ndi wanga."

A Golden anadya mpaka m'mbale munayera. Kenako anatsokomola, maso ali kumbali.

"Khitchini iyi ikudontha, alamu. Ndikutumizirani malata awiri ochokera kwanga. Muikonze mvula isanabwere, zikwatuzi zingaole."

Claudia ndiye anayamba kumva tanthauzo lake. Anathamanga n'kukagwera bambo ake m'khosi.

Ine ndimathokoza Mulungu chifukwa cha alamu angawa, ndipo ndimawathokoza iwonso pamaso. Ana a mkulu wanga akukulira pakhomo pa mayi wawo, ali limodzi, ali ndi thanzi. Chaka chino masika atafika ndinatenga masamba a msuku ndi luzi, n'kupita kwa alamu kuti andiphunzitse kamangidwe ka amayi anga.